Tili Pakhonde: Mtambo Sudikira Wojambula

Ife osunga Sabata timayang'ana kumwamba kuposa anansi athu ambiri, ngakhale sitizindikira. Lachisanu lililonse madzulo, nyemba zitapsa, nsapato zitapukutidwa, zovala zitasitidwa, pamakhala wina m'nyumba amene amatuluka kukaona ngati dzuwa lalowa. Kalendala ya mpingo imatiuza ndithu ola ndi mphindi, koma maso amafunabe kudzionera okha. Kwathu ntchito imeneyi ndi ya mwana wathu wamkazi wa zaka 11, ndipo ndi iyeyo amene adayambitsa nkhani ya mwezi uno.

Lidali Lachisanu lina la mu Novembala, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Tidangomva kukuwa panja: "Amayi! Ababa! Bwerani mudzaone njovu!" Mmodzi wa ife adali akumalizitsa kukolopa, winayo akusaka tayi ya mawa. Pofika pakhonde, njovu idali itapita. Kudangotsala chimulu cha mitambo yofiirira, chopanda chitamba, chopanda makutu. Mwanayo adakhumudwa ngati tamunena kuti ndi wabodza. Mwayi wake adali atajambula ndi foni, ndipo pa chithunzipo njovu idalipodi, makamaka munthu akayamba wakuuzani kuti ndi njovu. Mchimwene wake wa zaka 16 adayang'ana n'kunena kuti akuona ketulo. Agogo, amene adali atakhala pamkeka, sadafune n'komwe kuona foniyo. Adangokweza maso n'kuti, "Ana inu, imeneyo ndi mvula ya mkucha. Mawa madzulo mudzachotse chimanga pabwalo."

Kuyambira pamene mwanayo adajambula kufika pamene ife tidatuluka sipadathe mphindi zitatu.

Kuchokera tsiku limenelo takhala tikujambula thambo tsiku lililonse, titaima pamalo amodzi, pafupi ndi mtengo wa papaya. Zithunzi zapitirira 200. Si ntchito yofuna ndalama, ndipo m'nyumba imene aliyense adayamba kudya nsima mutu uli choweramira pa foni, tapeza kuti foni yomweyo ikhoza kumukweza munthu mutu. Mayi Ellen White, m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, adaika mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa ndi mpumulo pakati pa mankhwala enieni amene Mlengi adatipatsa. Mphindi khumi pabwalo m'mawa kapena madzulo zimapereka zitatu zonsezi nthawi imodzi, wodwala osazindikira kuti akumwa mankhwala.

Mafunso a ana adatikakamiza kuwerenga. Choyamba chimene chidatidabwitsa ndi kulemera kwa mtambo. Kamtambo koyera kaja kooneka ngati thonje lotayidwa, akatswiri a zanyengo amati kakakhala ka kilomita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba kamanyamula madzi olemera pafupifupi matani 500. Mlimi amve motere: matumba 10,000 a chimanga a makilogalamu 50, ali lende pamwamba pa denga lake. Madziwo sagwa chifukwa ali m'timadontho tating'onoting'ono zedi, toti pamafunika pafupifupi 1 miliyoni kuti tipange dontho limodzi la mvula, ndipo mpweya wofunda wokwera kuchokera pansi umatinyamula. Elihu adafunsa Yobu ngati ankadziwa m'mene mitambo imalenjekekera m'mwamba (Yobu 37:16). Lero tikhoza kuyankhako pang'ono, koma kuyankhako sikudatichotsere mantha aulemu amene munthu amamva akaima pansi pa matumba 10,000 osagwa.

Mukayang'anitsitsa masana mudzaona kuti mitambo ya milu imeneyi pansi pake ndi pophwatalala, yonse pa msinkhu umodzi, ngati yaikidwa pa thebulo losaoneka. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wonyamula nthunzi umakwera, ukamakwera umazizira, ndipo ukafika pa msinkhu wina nthunziyo imasanduka madzi. Pamenepo ndiye pali thebulo lija. Komanso dontho lililonse limafuna kachitsotso koti liyambirepo: fumbi, utsi, kapena mchere wochokera kunyanja yaikulu. Mtambo woyera mbuu uja pakati pa dontho lake lililonse pali kalitsiro. Tidauza agogo zimenezi, iwo n'kuseka kuti nawonso anthu oyera a kutchalitchi ali chomwecho. Tidawasiya osawatsutsa.

Maina amene dziko lonse limatchulira mitambo adachokera kwa Luke Howard, wosakaniza ndi kugulitsa mankhwala wa ku London, wa mpingo wa Quaker. Mu Disembala 1802 adayankhula pamaso pa kagulu ka anzake okonda maphunziro, n'kupereka maina a Chilatini: cumulus, mtambo wa mulu, stratus, woyalika ngati mkeka, cirrus, wonga tsitsi, umene uli kutali kwambiri ndipo ndi wa timiyala ta madzi oundana, ndi nimbus, wa mvula. Anthu ambiri asanabwere iye ankaganiza kuti chinthu chosinthasintha chotere sichingapatsidwe dzina. Nzeru ya Howard idali yoti kusinthako ndiye khalidwe lake la mtambo: mulu ukhoza kuyalika, woyalika ukhoza kung'ambika n'kukhala milu, ndipo dzina limangonena m'mene uliri pa ola limenelo. Lero buku la mitambo la bungwe la World Meteorological Organization lili ndi mitundu ikuluikulu khumi, yomangidwa pa maziko a Howard. Mu 2017 bukuli lidalandira dzina latsopano, asperitas, la mtambo wooneka ngati mafunde a nyanja yolusa mukawaonera pansi pa madzi. Amene adakankha kuti dzinali lilowe sadali maprofesa ayi, koma anthu wamba a gulu la Cloud Appreciation Society, limene Gavin Pretor-Pinney adaliyambitsa ku Britain, amene ankangotumizirana zithunzi ngati m'mene tikuchitira ife pansi pa mpapaya.

Makolo athu nawonso adali ndi maina awo, okhudza munda osati Chilatini. A kum'mwera amadziwa chiperoni, kamvula kozizira ka mu Juni ndi Julaye kobwera ndi mitambo yotsika, kamene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Alimi amadziwa kusiyanitsa mitambo ya chizimalupsa, imene imangothira madzi pa lupsa n'kupita, ndi mitambo ya mvula yobzalira. Ndipo a kunyanja amaseka alendo amene amajambula "utsi" kapena "mtambo" wotuluka m'madzi, osadziwa kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timene ena amatigwira n'kupanga ndiwo.

Kujambula thambo kwakhala kovuta kuyambira pachiyambi. M'zaka za m'ma 1850, mankhwala a pa galasi lojambulira ankagwira kuwala kwa thambo msanga kuposa kwa nthaka, kotero wojambula akadikira kuti mitengo ndi nyumba zioneke, kumwamba kunkangotuluka koyera kopanda kanthu. Mfalansa wina, Gustave Le Gray, adatchuka ndi zithunzi za nyanja zokhala ndi mitambo yochititsa kaso. Zina mwa izo ankazipanga ndi magalasi awiri, lina la nyanja, lina la thambo, n'kuwalumikiza posindikiza, ndipo thambo limodzi lomwelo limapezeka pamwamba pa nyanja zosiyana. Choncho kukonza chithunzi cha mitambo sikudayambe ndi ana a masiku ano. Foni yanu nayonso imakonza yokha: imawonjezera kubiriwira kwa thambo ndi kufiira kwa dzuwa lolowa musanaipemphe.

Kwa ofuna kuyesa, zimene taphunzira ndi zochepa. Pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa, pakuti foni yokhala m'thumba limodzi ndi mtedza imajambula chifunga chimene kulibe. Gwirani ndi chala pamalo owala kwambiri a mtambo pa sikirini. Foni idzachepetsa kuwala ndipo mapindikidwe a mtambowo adzaoneka. Siyani kansonga ka mtengo kapena denga pansi pa chithunzi kuti woona adziwe kukula kwa chinthucho. M'mawa ndi madzulo mitambo imakhala ndi mithunzi yabwino kuposa masana. Kotsalako ndi kudekha basi, monga amanenera akuluakulu za maso a nkhono.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sitinyengerera ana. Choyamba, palibe kuyang'ana dzuwa mwachindunji, ngakhale litabisala kuseri kwa mtambo wopyapyala, chifukwa limawotcha m'kati mwa diso popanda ululu wochenjeza. Mtambo wopyapyala sutchinganso mphamvu ya dzuwa yowononga khungu, ndipo mabanja okhala ndi mwana wachialubino asavule chipewa ndi malaya a manja aatali poona kuti kwachita mitambo. Chachiwiri, bingu likangomveka, kujambula kwatha, aliyense m'nyumba. Mkokomo umayenda kilomita imodzi pa masekondi pafupifupi atatu. Mukaona kung'anima n'kuwerenga mpaka naini bingu n'kumveka, mphenziyo yagwa makilomita atatu okha kuchokera pomwe mwaima, ndipo yotsatira ikhoza kukupezani. Pansi pa mtengo si pobisalira. Mitambo ikuluikulu ya mabingu, ija ya mutu wophwatalala ngati bowa, m'maiko otentha ngati athu imatha kukwera kupitirira makilomita 15. Ndi yokongola kwambiri ikakhala kutali.

Tibwerere kwa njovu ija. Chimene chidatigwira mtima poyang'ana zithunzi pamodzi madzulo ndi chakuti palibe awiri amene ankaona chinthu chimodzi. Wamng'ono ankaona nyama. Mnyamata ankaona magalimoto ndi mapu a maiko. Mmodzi wa ife, m'mwezi umene bambo ake omubereka adagonekedwa m'chipatala, ankangoona nkhope za okalamba zogona chagada. Ubongo wa munthu udapangidwa kuti uzisaka nkhope ndi maonekedwe odziwika ngakhale pamene palibe, n'chifukwa chake ana amaona kalulu pa mwezi. Koma chimene ubongowo umasankha kuona chimachokera m'thumba la mwini wake.

Wojambula wotchuka wa ku America, Alfred Stieglitz, adadziwa zimenezi. Wolemba wina adali atanena kuti zithunzi zake za anthu zimakoma chifukwa iye ali ndi mphamvu yogoneka mitima ya owajambulawo. Zidamupweteka. Mu 1922, ali ku Lake George m'chigawo cha New York, mayi ake akudwala matenda amene adawatenga chaka chomwecho, adatembenuzira kamera kumwamba, kwa chinthu chimene palibe angachinyengerere ndipo aliyense amachiona mwaulere. Adapitiriza kwa zaka zoposa khumi, n'kujambula zithunzi zoposa 200, zambiri zopanda phiri kapena mtengo, moti nthawi zina ankazipachika cham'mbali kapena chadodolido. Adazitcha Equivalents, kutanthauza kuti chilichonse chinkafanana ndi zimene zidali mumtima mwake pa nthawiyo. Munthu ameneyu adaloza kamera kutali kwambiri ndi iye mwini, n'kupezeka kuti wadzijambula yekha.

Apa pali chenjezo limene likutikhudza ife a chiyembekezo cha kubweranso kwa Yesu kuposa ena. Pafupifupi mwezi uliwonse pa gulu la WhatsApp la mpingo pamafika chithunzi cha mtambo wooneka ngati mngelo, manja awiri otambasuka, kapena nkhope yovala chisoti cha minga, ndi mawu oti tumizani kwa anthu khumi. Zina ndi mitambo yeniyeni imene yangofanana ndi chinthu kwa mphindi imodzi, monga njovu yathu. Zambiri ndi zokonzedwa pa kompyuta, ndipo masiku ano makina amazipanga popanda ngakhale mtambo woyambirapo. Amene amazitumiza si anthu oipa. Ndi alongo ndi abale otopa ndi dziko, olakalaka kwawo. Koma mpingo wathu udabadwa mwa anthu amene pa 22 Okutobala 1844 adayang'ana kumwamba tsiku lonse n'kulowa m'nyumba akulira, ndipo chimene chidawadzutsa chidali kubwerera ku Malemba, osati kusaka zizindikiro zina m'mitambo. Chivumbulutso 1:7 ndi Mateyu 24:27 amatiuza kuti tsikulo silidzafuna wina woti atitumizire uthenga, aliyense adzadzionera. Tikamatumiza chithunzi chabodza chifukwa chikunena zimene timakhulupirira, ana athu, amene amazindikira chithunzi chokonzedwa msanga kuposa ife, amaphunzira kuti makolo awo sasiyanitsa chikhulupiriro ndi kutengeka.

M'Chichewa muli mawu atatu omveka ngati a mimba imodzi: nthunzi, mthunzi ndi chithunzi. Mtambo umabadwa ku nthunzi, umaponya mthunzi, ndipo ife timatsala ndi chithunzi. Amene adayamba kutcha pepala lojambulidwa kuti chithunzi adalasa: ndi chithunzithunzi chabe cha chinthu, osati chinthucho. Kamtambo ka mulu ka tsiku lowala kawirikawiri sikatha ola kali moyo. Pamene mukuonetsa mnzanu chithunzi chake, iko kadasungunuka kale. Ndiponso chithunzi chimangonena za pamene wojambula adaima. Mtambo umaoneka wakuda pansi chifukwa ndi wochindikala, kuwala kukulephera kudutsa. Womwewo pamwamba pake ndi woyera wothobwa m'maso. Amene adakwerapo Mulanje kapena Zomba m'mawa n'kuona mitambo ili pansi pa mapazi ake ngati nyanja ya thonje amadziwa kuti anthu a m'munsi pa ola lomwelo akudandaula kuti kwada.

Zonsezi zikadangokhala nkhani zokoma za pakhonde pakadapanda zimene zidachitika madzulo ena mu Epulo. Foni idadzaza, ndipo tidakhala pansi kuti tifufute zithunzi zina. Wamng'ono adaumirira kuti pa zithunzi zonse za Januwale tisunge chimodzi, cha chimtambo chakuda bii chimene chidaphimba theka la thambo. Mchimwene wake adatsutsa. Adati tsiku limenelo silidagwe ngakhale dontho, mphepo idaukankhira kwina, ndipo pofika 5 koloko ankasewera mpira padzuwa. Kusunga chimenecho chokha, adatero, ndi kunamizira Januwale. Kenaka, maso ali pa foni, adawonjezera motsitsa mawu: "Ngati changa cha Fomu 1 chija. Ababa, Amayi, chimenecho simudafufute."

M'nyumba mudati zii.

Tapempha chilolezo chake tisanalembe izi. Zaka ziwiri zapitazo tidamupatsa ndalama zoti akalipire kusukulu, iye n'kukazidya ndi anzake, ndipo adatinamiza kwa masabata awiri. Zitaululika adalira, adapepesa, ndipo pa tchuthi adakaumba njerwa kwa anansi mpaka adabweza zonse. Tidagwada naye, tidapemphera, tidamuuza kuti takhululuka. Ndipo tinkakhulupirira kuti takhululukadi. Koma kuyambira pamenepo, kukafunika kugula mafuta ophikira kapena mayunitsi a magetsi, tinkatuma mlongo wake wamng'ono. Akatumidwa iye, chenji tinkachiwerenga kawiri, pamaso pake. Ndalama ikasowa pa shelefu, palibe ankanena kanthu, koma maso onse ankadziwa kolowera. Kwa zaka ziwiri mnyamatayu adakhala akusintha tsiku ndi tsiku pamaso pathu, akudzuka yekha kukathirira dimba, akuphunzitsa ana a kalasi ya Sabata, mawu ake akukula, ndipo ife tidali tikuyang'anabe chithunzi chimodzi chojambulidwa pa tsiku lake loipitsitsa, kuchokera pansi, kumene mtambo umaoneka wakuda.

Sitikuganiza kuti ndife tokha. M'mabanja ambiri muli chimbale cha zithunzi zotere chimene sichioneka ndi maso. Mkazi amene adapsereza ndiwo alendo a kuchimuna atabwera koyamba amakhala "wosadziwa kuphika" mpaka adzukulu. Mwamuna amene adalephera bizinesi kamodzi saloledwanso kunenapo za ndalama. Mtsikana amene adachimwa ali ndi zaka 17, n'kubatizidwanso, amafika zaka 40 komiti yosankha maudindo ikamva dzina lake ikuyang'anabe pansi. Timatero chifukwa chithunzi n'chosavuta kusunga. Munthu wamoyo amafuna kuti tizimuyang'ana mwatsopano m'mawa uliwonse, ndipo zimenezo n'zotopetsa.

Ngakhale mtumwi Paulo adagwa m'mbuna yomweyi. Yohane Marko adawathawa pa ulendo woyamba ali ku Pamfuliya, ndipo pokonzekera ulendo wachiwiri Paulo adakanitsitsa kumutenga, mpaka adasiyana ndi Barnaba pa nkhaniyi (Machitidwe 15:36-40). Paulo adali ndi chithunzi, ndipo chithunzicho sichidali chabodza: mnyamatayo adathawadi. Barnaba adasankha kuyang'anabe. Patapita zaka, Paulo ali m'ndende, adalembera Timoteo kuti abwere ndi Marko chifukwa adali wothandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11). Chimene timamulemekezera Paulo pamenepa n'chakuti adalola kukweza maso n'kuona kuti thambo lasintha.

Kusinthasintha kumeneku sikuti kumangopita kokoma, ndipo Baibulo silitinyengerera pa zimenezi. Kudzera mwa Hoseya, Mulungu adadandaula kuti chikondi cha Efraimu ndi Yuda chinkazimirira ngati mtambo wa m'mawa ndi mame (Hoseya 6:4). Miyambo 25:14 imafanizira munthu wolonjeza mphatso imene sapereka ndi mitambo ndi mphepo zosabweretsa mvula, ndipo mlimi aliyense amene adabzala mu Novembala n'kuona mitambo ikusonkhana masana alionse kwa masabata atatu osagwetsa kanthu amamva kuwawa kwa fanizo limeneli. Pano ndiye pali chinyengo chathu china. Za anzathu timasunga chithunzi choipitsitsa, koma za ife eni timasunga chokongoletsetsa: tsiku la ubatizo, chaka chimene tinkatsogolera kwaya, nthawi imene tidasamala wodwala. Timachikonza ngati Le Gray, thambo la tsiku lina pamwamba pa nyanja ya lero. Usiku umene uja, ana atagona, tidafunsana kuti ndi liti pamene tidapepesa komaliza kwa mwana wathu aliyense. Palibe mwa ife adakumbukira.

Tisamvedwe molakwa. Sitikunena kuti mtambo wakuda uliwonse udzapita wokha. Anthu a ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, amene adataya abale m'matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sayang'ana mtambo wakuda ngati chinthu chojambula, ndipo ali ndi chifukwa. Yesu mwini adavomereza kuti anthu amadziwa kuwerenga nyengo poona kumene mtambo ukuchokera (Luka 12:54-56). Kusiyana kuli pa chithunzi chimodzi ndi zithunzi zambiri. Chimodzi chimanena za mphindi, koma 200 zimanena za nyengo. Mayi amene amamenyedwa mwezi ndi mwezi, wina aliyense akumuuza kuti apirire chifukwa bambowo asintha, ali ndi zithunzi zokwanira. Afunika pothawira, ankhoswe olimba mtima, abusa osabisa nkhanza, ndipo pakafunika, ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Mpingo wathu womwe, kudzera mu ndondomeko ya enditnow, umanena poyera kuti nkhanza za m'banja si mtanda woti munthu aziusenza mwakachetechete. Mwana amene akuba mobwerezabwereza afunikanso malire, osati kungomwetuliridwa. Chimene tidalakwa ife n'chakuti zithunzi 700 zotsatira zidali zowala, ndipo sitidaziyang'ane.

Pa phiri la Karimeli, Eliya adatuma mnyamata wake kukayang'ana cha kunyanja. Kasanu ndi kamodzi mnyamatayo adabwerera wopanda nkhani, ndipo ulendo uliwonse ankanena zoona. Akadakhala ndi foni akadabwera ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi za thambo lopanda kanthu, umboni wokwanira kutseka nkhani. Mneneri adangomuuza kuti apitenso. Ulendo wachisanu ndi chiwiri kudaoneka kamtambo koti munthu n'kukaphimba ndi chikhatho, ndipo chilala cha zaka zitatu ndi theka chidathera pamenepo (1 Mafumu 18:41-45). Takhala tikuwerenga nkhaniyi ngati phunziro la kupemphera kosatopa, ndipo ndi lomwelo. Chaka chino tidaona kuti mulinso munthu amene ntchito yake yonse idali kupita kukayang'ananso.

M'mawa mwake tidamuitana mnyamata wathu tisanapite kuntchito. Kupepesa kwa kholo kumatuluka movutikira, ngati chitseko chimene chidatupa ndi mvula, koma kudatuluka. Iye sadayankhe zambiri. Adangoti, "Zikomo, ndamva," n'kunyamula chikwama. Kumapeto kwa mwezi tidamupatsa ndalama za fizi ya mlongo wake, zochuluka kuposa zija adadya, kuti akalipire ku banki yekha. Adabwera ndi risiti ndi chenji, ndipo tidaziika m'kabati osawerenga. Tinene zoona zonse: usiku, nyumba itagona, mmodzi wa ife adadzuka n'kukawerenga. Zidali zokwanira mpaka kakobiri komaliza. Adabwerera kukagona ndi manyazi, ndipo m'mawa adaulula kwa mnzake, amene adavomera kuti nayenso adaganizapo zodzuka.

Chithunzi cha chimtambo cha Januwale tidachisunga, koma pamodzi ndi china cha madzulo a tsiku lomwelo, chimene mnyamatayo adachipeza m'foni: thambo loyera, mpapaya uli ndi mthunzi wautali. Njovu nayonso ilipo. Agogo mpaka lero sadajambulepo ngakhale kamodzi. Amati alibe malo osungira mitambo ya dzulo. Mvula yawo ya mkucha ija idagwadi, ngakhale idachedwa ndi tsiku limodzi.

Lachisanu lapitali kudali chiperoni tsiku lonse, ndipo tinkaganiza kuti dzuwa lilowa osaoneka. Kutatsala pang'ono, mitambo idang'ambika cha kumadzulo, kuwala kofiira n'kudutsa pansi pake, thambo lonse n'kuyaka kuyambira kuphiri mpaka pamwamba pa nyumba. Wamng'ono adathamangira foni, n'kupeza batire yatha. Adayamba kulira. Mchimwene wake adamunyamula n'kumukhazika pa khoma la khonde kuti aone bwino, ndipo tidaima pamenepo asanu tonse mpaka kufiirako kudazilala, agogo n'kuyambitsa nyimbo yotsegulira Sabata.